Kusasitsa ufa wa phala kuti ayironi ndi zinki zilowedi m'thupi, m'mene ndimachitira kuno ku Chipata

Mwana wanga wachiwiri ali ndi chaka ndi miyezi inayi tinapita naye ku sikelo, anesi anamutsegula chikope cha m'munsi, anayang'ananso m'zikhatho kenako akuti amayi, mwanayu magazi achepa. Ine mtima unandiwawa chifukwa phala sankaphonya ngakhale tsiku limodzi, la mgaiwa weniweni wogayitsa ndekha osati ufa wokonola uja wa breakfast wa m'shopu, ndiye ndinkadziona ngati mayi wodziwa zinthu. Mankhwala anatipatsa, malungo anamuyeza, koma funso linandikhalabe m'mutu kuti chakudya chonse chija chinkapita kuti. Ndipo si ine ndekha, kafukufuku wa zaumoyo wa dziko lonse wa 2018 anapeza kuti ana 58 mwa 100 alionse a miyezi 6 mpaka 59 muno mu Zambia anali ochepa magazi, amayi a zaka 15 mpaka 49 anali 31 mwa 100. Zoyambitsa ndi zambiri, malungo, njoka za m'mimba, koma chakudya chilimo ndithu.

Nkhani yake ili chonchi. Mu chimanga, mapira, mawere, nyemba ngakhale nshawa muli ayironi ndi zinki, michere yofunika m'thupi, ayironi ndiye amathandiza kupanga magazi, koma mulinso chinthu china chotchedwa phytate chimene mbewu imasungiramo mchere wa phosphorus woti idzagwiritse ntchito ikamamera. Phytate ameneyu akafika m'matumbo amakakamira ayironi ndi zinki ngati chingwe chomanga nkhuni, thupi limalephera kumasula, ndiye zambiri zimangodutsa n'kukathera ku chimbudzi. Mu chimanga phytate wambiri amakhala ku mtima kwa njere, kaja kofewa kamene anankafumbwe amayambira kudya. Apa ndi pamene pali msampha, mukakonola n'kuchotsa gaga ndi mtima, phytate amachepa inde koma ayironi ndi zinki wambiri amapitanso ndi gaga yemweyo kukanenepetsa nkhumba. Mukasiya mgaiwa momwe ulili, michere ilimo koma ndi yomangidwa. Ndiye chimene tikufuna ndi kusunga mgaiwa koma kudula chingwe chija.

Lumo lodulira chingwecho lilipo, dzina lake phytase, ndi enzayimu imene imadzuka mbewu ikayamba kumera. Imakonda zinthu zitatu: madzi, kufunda, ndi kuwawasa pang'ono. Ikapsa ndi moto imafa basi siidzukanso. Mukagwira mfundo imeneyi zonse zimene ndilembe m'munsimu muziona kuti ndi zomwezo ambuya ankachita ndi thobwa ndi mphale, kungosintha dongosolo pang'ono chabe. Ndinenerenso limodzi kuti kusasitsa sikuwonjezera ayironi m'chakudya, kumangomasula amene alimo kale, ndiye amene ali pa mapilisi a magazi ochokera ku kiliniki, makamaka apakati, musasiye ati ndayamba kumwa phala lowawasa.

Poyambira ndi pa chimanga chenichenicho

Sankhani. Khalani pansi ndi lichero muchotse njere zonse zowola, zachuku, zofiirira kapena zobiriwira, zija zakuda ku mtima. Pano sindimanyengerera munthu chifukwa poizoni wa chuku safa ndi kuphika ndipo kusasitsa sikumuthetsa. Ufa umene unanyowapo ndi mvula kapena unakhala m'thumba pansi ponyowa mpaka kuchita zibuluma, tayani, musati ndiphikira thobwa poti ndi wowawasa kale. Achibale athu a ku Tete amakumbukira za mu Januwale 2015 ku Chitima, anthu 75 anamwalira atamwa mowa wotchedwa pombe pa maliro, ndipo atafufuza anapeza kuti munali poizoni wa bakiteriya amene anamera mu ufa wa chimanga wowonongeka ndi madzi. Ndiye ufa ukhale wouma, wa fungo labwino, wogayitsa posachedwa.

Chimera, apa ndi pamene pagona nkhani

Chimanga pachokha chili ndi phytase wochepa kwambiri, n'chifukwa chake kungoviika mgaiwa m'madzi n'kudikira kuti usase pawokha sikuchotsa phytate wambiri m'mene anthu amaganizira. Pamafunika chimera. Ine ndimakonda cha mawere, ndimagula ku Saturday Market kapena ku Kapata kwa amayi ogulitsa pa meda, ndipo ndimawafunsa kaye ngati ndi a chaka chino chifukwa mawere akale samera bwino. Cha mapira chimagwiranso, cha chimanga nachonso ngati palibe china.

Tsukani mawere anu, zoyandama zonse tayani. Viikani m'madzi oyera usiku umodzi, m'mawa khetsani madziwo. Tengani saka loyera, linyowetseni, yalani mawerewo mosaunjika kwambiri, funditsani ndi saka lina lonyowa kapena masamba a nthochi, ikani pa mthunzi m'nyumba pamene nkhuku sizifika. M'mawa ndi madzulo muziwaza timadzi pang'ono n'kutembenuza ndi dzanja kuti mpweya ulowe, osathira madzi ambiri mpaka kuchita dziwe ayi, akatero amachita chuku. Nyengo yotentha ngati Okutobala masiku awiri kapena atatu mumaona timizu toyera tatuluka ndipo mukalowetsa dzanja mumamva kufunda, mu Juni ndi Julayi pamatenga masiku anayi mwinanso kuposa. Fungo lake likhale lokoma ngati la udzu wauwisi. Likamveka la nkhungu kapena mwaona ubweya wakuda kapena wobiriwira, tayani muyambirenso, mawere a kapu ziwiri sangakusaukitseni.

Zikamera yanikani pa dzuwa pa mphasa kapena pa lichero mpaka ziume gwa, zoti mukaluma zikuthetheka. Osakazinga pa moto pofuna kufulumira, mupha lumo lija. Zikauma tikitani ndi manja n'kupeta kuti timizu ndi timphukira tichoke. Pa mapira izi musadumphe, chifukwa mphukira za mapira zimakhala ndi poizoni wa mtundu womwe uja wa mu chinangwa chowawa, ndi chifukwa chomwecho ng'ombe siziloledwa kudya mapira ongophuka kumene. Kenako sinjani mu mtondo n'kusefa, kapena pitani nazo ku chigayo ngati ndi zambiri, sungani mu botolo louma lotseka bwino. Ine chimera cha kamodzi chimandikwanira mwezi.

Kuviika ufa n'kutaya madzi oyamba

Iyi ndi sitepe yosavuta kuposa zonse ndipo ngakhale mutakhala kuti zina zonsezi mulibe nazo nthawi, iyi yokha chitani. Phytate wa mu chimanga amasungunuka m'madzi. Tengani kapu imodzi ya mgaiwa, thirani makapu anayi a madzi oyera akumwa, vundulani, siyani ola limodzi ufa ukhale pansi, kenako pendeketsani pang'onopang'ono mutaye madzi a pamwambawo osataya ufa. A Christine Hotz ndi a Rosalind Gibson amene anagwira ntchito ndi mabanja a kumidzi ku Malawi analemba mu 2001 kuti kuviika kotereku n'kutaya madzi kumachotsa pafupifupi theka la phytate mu ufa wa chimanga. Theka, ndi ola limodzi chabe. Zoona timavitamini tina ndi timichere tina timapita nawo madziwo, koma zotsalazo thupi limatha kuzitenga bwino kusiyana ndi poyamba.

Mukaganiza bwino ndi zomwe zimachitika tikaviika mphale masiku awiri atatu n'kutaya matsukwa, kungoti mphale inachotsedwa kale gaga ndi mtima ndiye ufa woyera umatuluka wokongola, nsima yake yosalala yoti alendo akutamandeni, koma ya michere yochepa. Nsima ya ufa woyera sindikuinyoza, nanenso ndimaikonda ndi nkhuku ya lokolo. Koma phala la mwana likhale la mgaiwa.

Kusasitsa kwenikweni

Ufa wonyowa uja uikeni mu chiwiya choyera, mtsuko wa dothi, kabaketi ka pulasitiki ka zakudya kokhala ndi chivindikiro, kapena botolo lalikulu la galasi. Ndowa ya malata ija yochapira ayi. Wina anandiseka ati nanga si tikufuna zinki, malata si zinki yemweyo, koma zowawasa zikakhala m'ndowa yotero zimasungunula chitsulo chochuluka mopyola muyeso ndipo munthu amasanza n'kutsekula m'mimba, si njira yake imeneyo.

Pa kapu imodzi ya ufa thirani masupuni awiri akulu a chimera, ndiye kuti pafupifupi gawo limodzi pa magawo khumi. Thirani madzi ofunda makapu awiri, ofunda oti mukaviika chala mukhoza kuwerenga mpaka khumi osachichotsa, ngati madzi osambitsira khanda kapena kupitirira pang'ono. Vundulani mpaka zibuluma zithe. Ngati muli ndi zotsala za dzulo zosasa bwino, kapena thobwa la kunyumba losasa bwino, thiranimo masupuni awiri atatu ngati mbewu, zimafulumizitsa kwambiri chifukwa tizilombo tabwino topanga kuwawasa timakhala tachuluka kale ndipo toipa timasowa mpata. Maheu a m'botolo a m'shopu musadalire ngati mbewu, ambiri amawaphika kuti akhalitse pa shelefu.

Vindikirani koma osamanga zolimba, mpweya uzituluka. Ikani malo ofunda, ine ndimaika pakona pafupi ndi pamene timaika mbaula tikamaliza kuphika, nthawi yozizira ndimakulunga ndi chitenje chakale. Ndiye muzisiye. Chimene chikuchitika mkatimo ndi chakuti mabakiteriya abwino akudya shuga wa mu ufa n'kutulutsa asidi yemwe uja amawawasitsa mkaka wosasa, kuwawasako kukamakwera phytase wa mu chimera amapeza malo amene amawakonda n'kuyamba kudula phytate, ndipo asidi yemweyo amathandizanso kuti ayironi ndi zinki akhale osungunuka osavuta kulowa m'magazi.

Nthawi yake: kukatentha tsiku limodzi lathunthu limakwana, kukazizira masiku awiri mwinanso atatu. Musadalire wotchi yokha, dalirani mphuno ndi lilime. Zikapsa bwino pamwamba pamakhala timathovu ting'onoting'ono, fungo limakhala ngati la thobwa la dzulo, mukalawa kadontho n'kulavula mumamva kuwawasa koyera kosanyansa. Zikanunkha ngati zowola, zikamatanuka ngati therere, kapena pamwamba pakaoneka mtundu wa pinki, wakuda kapena wobiriwira, tayani zonse, tsukani chiwiya ndi madzi otentha.

Ine ulendo wina mu Okutobala ndinapita ku maliro ku Chadiza ndikuganiza kuti ndibwera mawa lake, ndinakhalako masiku anayi. Pobwera ndisanatsegule n'komwe chitseko cha kukhitchini fungo linandilonjera, chivindikiro chili pansi, thovu layenderera mpaka pa simenti, apongozi anga aamuna atamva fungolo anangoti apa mwafulula mowa amake mwana, mutiitane tikhale pansi. Zikafika pamenepo si za mwananso ayi.

Kuphika

Musanaphike patulani masupuni atatu mu kakapu koyera, imeneyo ndi mbewu ya mawa, ngati muli ndi filiji ikani m'menemo, ngati mulibe yambitsani nayo ufa wina tsiku lomwelo. Zotsalazo vundulani, thirani mu madzi owira mukutakasa ndi mthiko, phala libwate bwinobwino mphindi khumi ndi zisanu kapena makumi awiri. Musaope kuti moto uwononga ntchito yonse ija, lumo lamaliza kale kudula, ayironi ndi zinki sapsa ndi moto. Ndipo kwa mwana kuwiritsa n'kofunika, osamupatsa zosasa zosaphika.

Muona kuti phala ili limakhala lopyapyala kusiyana ndi la masiku onse ngakhale ufa ndi wofanana, ndi chimera chimenecho, chimaphwanya sitachi. Ubwino wake ndi woti mukhoza kuchulutsa ufa phala osalimba, ndiye kamimba kakang'ono ka mwana kamalandira chakudya chambiri pa supuni iliyonse m'malo momwa madzi okhaokha. Amene muli ndi kam'phika kachitsulo chakuda kaja ka miyendo itatu phikirani m'menemo, chakudya chowawasa chimatengako ayironi pang'ono kuchokera ku m'phikawo ndipo ameneyo ndi wabwino.

Ana ena tsiku loyamba amakwinya nkhope n'kulavula. Wanga anachita zomwezo, anandiyang'ana ngati ndamulakwira. Ndinayamba ndi kusasitsa theka la tsiku chabe, n'kusakaniza ndi phala wamba theka ndi theka, kashuga pang'ono, patatha sabata anazolowera mpaka phala losawawasa ankalikankha.

Zothiramo ndi zoyenera kutalikitsa

Apa anthu ambiri amagwetsa ntchito yawo yomwe. Mwavutika masiku awiri kumasula ayironi kenako mukumwera tiyi wakuda bii pambali, tiyi ali ndi tannin amene amagwiranso ayironi yemweyo, ndiye mwangochotsa chingwe china n'kumanga china. Tiyi adikire ola limodzi kapena awiri mutadya, ndipo mwana wamng'ono tiyi alibe naye ntchito. Mapira ofiira kwambiri aja owawa amene mbalame sizikonda nawonso ali ndi tannin wambiri, ngati chimera chanu ndi cha mapira sankhani oyera.

Chothandiza ndi vitamini C, amachititsa kuti ayironi wa mu mbewu alowe mosavuta. Ufa wa malambe ndi nambala wani ndipo timalambe timapezeka pa misika yathu, thirani supuni imodzi phala litaphulidwa ndipo lazizirako, osati likubwata chifukwa vitamini ameneyu amathawa moto. Gwafa, mango, papaya, lalanje, chilichonse cha nyengo yake mwana adye nthawi yomweyo ya phala osati madzulo. Kapenta wokazinga pang'ono n'kusinja, supuni imodzi mu phala, amabweretsa ayironi ndi zinki wake komanso amathandiza kuti wa mu ufa alowe, chimodzimodzi kachiwindi ka nkhuku kapena kanyama kosinja. Nsinjiro thirani ndithu, ife a kum'mawa phala lopanda nshawa timaliona ngati lamasiye, zimapatsa mafuta ndi mphamvu, koma dziwani kuti nshawa nazo zili ndi phytate wake ndiye zisalowe m'malo mwa kapenta, ndipo muzisankhe bwino kuchotsa zofota ndi zachuku musanasinje. Ndiwo zamasamba zodyera nsima, chibwabwa kapena bonongwe, chepetsani soda ndi chidulo, zimafewetsa msanga koma zimawononga vitamini C.

Nanga thobwa

Thobwa lathu lili kale pa njira yabwino koma pali malo amodzi pamene ambiri timalakwitsa, ine ndinalakwitsapo zaka zambiri. Timaphika phala, ndiye chifukwa chofulumira timathira chimera likadali lotentha kwambiri, kapena tikathira timangodikira pang'ono kuti lisungunuke n'kulibwezera pa moto nthawi yomweyo. Thobwa limatsekemera bwinobwino chifukwa enzayimu yotsekemeretsa imapirirako kutentha, koma phytase amakhala wafa asanagwire ntchito. Ndiye chitani chonchi: ufa wa phala la thobwa uviikeni kaye ola limodzi n'kutaya madzi monga ndanenera, phikani, phulani, dikirani lizizire kufika poti chala chikupirira, thirani chimera, vundulani, vindikirani n'kukulunga ndi bulangeti likhale lofunda maola angapo, ine ndimathira m'mawa n'kudzawiritsanso madzulo. Mukawiritsa lizizire, thirani mu mtsuko wanu wa thobwa uja wosachedwa kusasitsa, ligone usiku. Akuluakulu imwani la tsiku lachiwiri lowawasa bwino, la tsiku lachinayi mukudziwa kale kumene limalowera.

Munkoyo umene anzathu a ku Copperbelt ndi ku Central amaukonda umatsekemera ndi mizu osati chimera, nawonso umasasa ndipo kuwawasako kumathandiza, koma ine pa nkhani ya phytate ndimakhulupirira chimera cha mbewu yomera.

Nsima ndiye yovutirapo chifukwa abambo ambiri safuna kumva kuwawasa mu nsima. Chimene ndimachita, ufa wa phala loyambira nsima uja ndimauviika kaye ola limodzi n'kutaya madzi, wothira pomaliza polimbitsa umakhala wouma monga mwa masiku onse, ndiye gawo lina lathandizika ndipo pa mbale palibe amene amazindikira. Nyemba nazo ndimaviika usiku wonse n'kutaya madzi ndisanaphike, zimapsa msanga makala osatha ambiri. Madzi onse otayawo, a ufa ndi a nyemba, ndimathirira mpiru wanga kuseri kwa nyumba.